Sabata imene a Makwerero anazimitsa foni

Dzina lawo lenileni linasuluka kalekale. Msewu wonse, kuchokera pa shopu ya wometa mpaka kumene phula limathera, unkangoti a Makwerero, pakuti panalibe munthu amene anawaonapo opanda makwerero, kaya paphewa, kaya atamangidwa pamwamba pa kagalimoto kawo kotsokomola kaja. Ngakhale malemu mayi a kunyumba kwawo, akapsa mtima, ankaima pabwalo manja ali m'chiuno n'kukuwa kuti, "Inu a Makwerero, tatsikani tikambirane ngati anthu!" Anali munthu wamfupi, wa miyendo yamatewe, wa zikhatho zoti malata otentha anasiya kale kuziwotcha. Chipewa chawo chinali ndi chingwe chomangira pachibwano, chifukwa mphepo ya padenga inali itawalanda zipewa zokwanira.

Ntchito yawo inali timabokosi. Dera limenelo linamangidwa m'chigwa, kuseri kwa nyumba zosanja, moti nsanja za mafoni zinkangolilambalala. Munthu akafuna kuimba ankakwera pa mpanda, mkono uli m'mwamba ngati akulumbira kukhoti. Anthu atatopa nazo anagwirizana zogula timabokosi toyera, kukula kwake ngati buledi, n'kutikhomera pamadenga. A Makwerero, amene nthawi imeneyo ankakonza mawailesi pakhonde, ndi amene analimba mtima kuphunzira kasamalidwe kake, ndipo imvi zinawapeza ali pamalata.

Alendo ankakonda kufunsa kuti bokosi lalikulu, bwana wa onsewo, lili pati. Iwo ankapukusa mutu. Bwana kunalibe. Bokosi lililonse limangodziwa anansi ake a pamadenga oyandikana nalo, ndipo ntchito yake yoyamba ndi moni. Kamphindi kalikonse limati, "Ndilipo," anzake n'kuyankha kuti, "Nafenso tilipo," kaya dzuwa likuswa mtengo, kaya kukugwa matalala. Pa moni womwewo limaphunzira kuti mnansi uyu amayankha msanga, uyo ngwaulesi, winayo amataya mawu panjira. Uthenga ukachoka pa foni ya munthu umadumpha denga ndi denga, bokosi lililonse n'kumaupatsira kwa mnansi amene likumukhulupirira pa nthawiyo, mpaka ukafike pa chingwe chotulukira kunja. Palibe bokosi limene limadziwa njira yonse, koma mawu amafika. Mtengo wa wina ukakula n'kutchinga, kapena wina akamanga chipinda chapamwamba, mabokosiwo amaona okha kuti uku kwayamba kuvuta, n'kusintha njira popanda kuitanitsa msonkhano. Ntchito ya a Makwerero inali kuwapukuta fumbi, kuchotsa zisa za mbalame, kusintha mabatire ndi kuwongola timilongoti topindika ndi mphepo.

Kunyumba nako ntchito inali yomweyo, kungoti yosafuna makwerero. Ana anali awiri. Woyamba, wamwamuna, ankayendetsa malole a maulendo ataliatali, ndipo wotsiriza, wamkazi, ankaphunzitsa ana aang'ono tsidya lina la tauni. Mayina awo anali pa ziphaso. Pakhomo anakhala Chisamba ndi Mzime mpaka ndevu za wamkuluyo zinayamba kuyera. Awiriwa sankalankhulana. Mayi awo atadwala matenda amene anawatenga aja, Mzime ndi amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa mankhwala, mlongo wake ali pamsewu, akulonjeza pa foni kuti afika mawa, mawa lake osafika. Anatulukira mayi atatsikira kale kuli chete. Pakhomo pomwepo, anthu akumva, Mzime anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Mwabwera kudzatani, achimwene? Ntchito yatha." Chisamba anaika mayi ake m'manda, nakwera lole yake.

Chiyambire pamenepo mawu onse ankadutsa mwa bambo. Foni ikalira a Makwerero ali padenga, ankakhala pansi pamalatapo, sikuludilaiva ataiika kukhutu linalo.

"Bambo, mumuuze mwana wanu uja kuti mwala wa pamanda a mayi wapendekeka. Ngati ali ndi nthawi, paja ndi munthu wotanganidwa."

"Ndimuuza."

Ankadikira pang'ono kuti mawuwo azizire, kenako n'kuimbira winayo. "Mlongo wako akupereka moni. Akuti mwala wa pamanda wapendekeka, ndipo iwe ndi amene uli ndi dzanja pa zimenezi."

"Moni? Ameneyo?" Chisamba ankaseka mwachipongwe, injini ikulira kumbuyo kwa mawu ake. "Mumuuze kuti ine si wantchito wake."

Kwa Mzime uthengawo unkafika uli wakuti, "Akuti Loweruka akaona."

Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma a Makwerero za m'maluwazo ankazinena dala. Bokosi labwino limapereka mawu momwe lawalandirira. Iwo pamenepa anali bokosi loipa, lochotsa minga panjira. Mwala uja Loweruka unawongoledwa ndithu. Anauwongola ndi iwo omwe, ndi chitsulo chotukulira matayala, ndipo Mzime anakhulupirira kuti ndi mlongo wake.

Si za mkangano zokha zimene Mzime ankaimbira. Mwamuna wake, mkamwini wofatsa amene a Makwerero sankamuwerengera kwenikweni, ankagwira ntchito kumigodi yakutali, wobwera pa tchuthi basi. Ndiye babu ikapsa, mpope ukadontha, kiyi akathyokera mu loko, anali bambo. Iwo ankatsika padenga la eni ake, n'kukwera kagalimoto kaja kuwoloka tauni yonse, osang'ung'udza.

Osang'ung'udza, komanso osasangalala. Chimwalirireni mayi a ana, mtima wawo unachita dzanzi. Ankadzuka, kumwa tiyi ali chiimire, kukwera, kutsika, kusamba, kugona. Pamaliro sanalire, anthu n'kumati ndi mwamuna wolimba. Pa madenga a nyumba zosanja, pamene ena miyendo imanjenjemera, iwo ankayenda ngati pabwalo, ndipo anthu n'kumatinso ndi kulimba mtima, osadziwa kuti mantha nawo anangochoka limodzi ndi zinazo. Mbali ya bedi imene ankagona mayi inasanduka shelefu: mapulayala, tizingwe tokulungakulunga, mabokosi akufa oyembekezera kuchotsedwa zipangizo. Sanachite kuganiza kuti zikhale choncho. Anangoikapo chinthu chimodzi tsiku lina, chinzake n'kutsatira.

Ganizo limodzi lokha ndi limene linkawafikabe, ngakhale mwapatalipatali. Tsiku lina makwerero adzaterereka, ndipo ana awiri aja adzaima mbali ziwiri za dzenje popanda wowanyamulira mawu. Ankafuna kuti ana awo alankhulane iwo akadali ndi moyo, amve ndi makutu awo. Koma tisanamizane, pansi pa mtima ankadziwanso kuti foni yawo inkalira kwambiri chifukwa cha mkangano womwewo, ndipo zimenezi sankazitchula ngakhale ali okha.

Pa ntchito yawo anali ndi chizolowezi chimene ankachitcha kupha bokosi. Nyali zobiriwira sankazikhulupirira. Ankati netiweki imene sinaferedwepo sidziwika ngati ndi yamoyo. Choncho nthawi ndi nthawi ankatsegula laputopu yawo yothothoka mabatani, kuona bokosi limene mawu ambiri akudutsamo, n'kupita kukalizula pa soketi. Sankachenjeza munthu, chifukwa ukachenjeza anthu amasiya kuimba, ndiye kuti sunayese kanthu. Akatero ankakhala pa sitepe yapansi ya makwerero, laputopu ili pamiyendo, n'kumaonerera. Anansi a bokosi lakufalo amaliitana, zii. Amaliitananso, zii. Akatopa amalifufuta, n'kuyamba kufunsana okhaokha kuti ndani akuona ndani, ndipo posakhalitsa njira yatsopano imaphuka, nthawi zina kudzera pa denga limene palibe analiganizirapo.

Tsiku lina masana anapha bokosi la pa shopu ya wometa, mnzawo wakalekale, munthu woti pakamwa pake sipauma.

"A Makwerero! Mwaphanso bokosi langa?" anakuwa wometayo ali pakhomo, makina akulirabe m'manja. "Anthu akuonera mpira muno, chithunzi chaima wosewera mwendo uli m'mwamba!"

"Mwendowo utsika. Dikirani."

Unatsikadi, ndipo m'shopumo munamveka mfuu. Wometa anatuluka kudzasuzumira pa laputopu ngati akumva chilichonse. "Mawu adutsa pati ulendo uno?"

"Pa denga la telala, kenako pa galaja."

Pomwepo foni inalira. Anali Mzime, akufuna kuti bambo amufunse mwana wawo uja ngati zithunzi za mayi zili kwa iye. A Makwerero anaimbira Chisamba, amene anati zithunzi zilipo koma mwini nkhani ali ndi pakamwa. Anaimbiranso Mzime n'kunena kuti akuti azifufuza.

"Koma inu mumandiseketsa," anatero wometa, akukutumula nsalu yometera. "Mabokosi mumawapha kuti aphunzire njira, ana anu mukuwanyamulira mawu ngati wa positi. Inu mulipo, foni yanu ikalira kamodzi mwayankha kale. Ndiye iwowo alankhulane kuti apeze chiyani?"

Ananena mongocheza, ndipo pofika madzulo anali ataiwala. A Makwerero sanaiwale. Anakhala kanthawi akuyang'ana pulagi imene inali m'dzanja lawo, kenako anakwera kukaibwezera.

Mpata unabwera wokha. Kunja kwa tauni, kufupi ndi kumene amaphwanya miyala, kunali kutamangidwa nyumba zatsopano za antchito, ndipo eni ake anawaitana kuti akawaikire timabokosi tawo. Inali ntchito ya sabata yathunthu, yogonera konko. A Makwerero sanauze Mzime, sanauze Chisamba, ngakhale wometa sanamutsanzike. Lolemba m'mawa anakiya nyumba, anamanga makwerero, nakhala m'galimoto. Anatulutsa foni, nakanikiza batani mpaka galasi linada, n'kuiponya pansi pa bokosi la zida, mapulayala pamwamba.

Mmene anawerengera zinali zosavuta. Mzime aimba pakati pa sabata monga mwa nthawi zonse, apeza foni yozima. Aimbanso, nkhawa imugwira. Ndani wina angamufunse za bambo ake? Adzameza malovu, n'kuimbira mlongo wake kuti, "Bambo mwawamva?" Pakamwa pakangotseguka, zinazo zidzatsatira, paja chibale ndi fupa, sichiwola. Munthu wina aliyense akanaona kuti nzeru imeneyi ili ndi bowo. Koma munthu amene wakhala theka la moyo wake akuzula mapulagi n'kuona zinthu zikudzichiritsa zokha saganiza zoti pa nthawi imene bokosi lazima pangakhale wina amene akuimba ali pamoto.

Sabatayo inadutsa ngati masabata ena onse. Fumbi la miyala linkayeretsa nsidze, malata atsopano ankathobwa m'maso. Anakhoma mabokosi, kuwalozetsa kwa anzawo, kukoka mawaya a sola, n'kumaonerera pa laputopu mabokosiwo akupezana, ili kupatsa moni ilo, mpaka dera lonse linalukana. Ankagona m'chipinda chosungira simenti, pa katoni. Foni sanaisowe. Dzanja lokha ndi limene nthawi zina linkapita m'thumba mosatumidwa, n'kubwerako lopanda kanthu. Tsiku lomaliza anapha bokosi lapakati, anansi ake anapeza njira, iwo namanga makwerero.

Foni anaiyatsa atafika pageti la kwawo, injini asanazimitse. Inanjenjemera m'dzanja kwa kanthawi ndithu. Mzime anali ataimba, kuimbanso, kuimbanso, zonsezo m'mawa umodzi wa Lachitatu, kenako osaimbanso. M'munsi mwake munali Chisamba, masana a tsiku lomwelo, ndi uthenga waufupi wakuti, "Mukayatsa foni mundiimbire." A Makwerero anagwedeza mutu. Zinali ndendende monga pa laputopu: waitana, waitananso, watopa, wapeza njira.

Anaimbira Chisamba.

"Mulipo, bambo?"

"Ndilipo. Ndinapita kuntchito kunja kwa tauni."

"Chabwino." Mawu ake anali ouma. "Ife tilipo."

Kumbuyo kwake sikunamveke injini. Kunamveka supuni ikuzungulira m'kapu, kenako mawu otsika a munthu wamkazi akufunsa kuti ndani.

"Ndi bambo," anatero Chisamba, pakamwa atapachotsa pa foni.

Mawu a munthu wamkazi aja anamvekanso. "Muwapatse moni."

"Mzime akupereka moni."

"Ndamva," anatero a Makwerero.

Anazimitsa injini n'kukhala m'galimotomo, akudikira chimwemwe. Ana awo anali m'chipinda chimodzi, akumwera tiyi pa tebulo limodzi. Chinthu chimene anachifuna zaka zonsezi chinali chitachitika, ndiponso mwa nzeru zawo. Anadikira ndithu, koma mumtima munali zii ngati kale. Anatsika kukamasula makwerero.

Masabata otsatirawo foni inaphunzira kugona. Poyamba ankaganiza kuti yawonongeka. Anaikweza mawu, anaipukuta, anadziimbira kuchokera pa foni ya telala, inalira bwinobwino. Lamulungu ana ankaimba, aliyense payekha, moni ndi kufunsa za nyengo ndi mawondo. Za mwala, za zithunzi, za mwana wanu uja, zinatha. Ndi za babu ndi mpope zomwe zinatha. Anthu amati madzi saiwala khwawa, ndipo a Makwerero anayesa kudzitonthoza nawo mwambiwu, koma ntchito yawo inali itawaphunzitsa zina. Bokosi lophedwa likabwezeredwa pa soketi, anansi amalilandira, amalipatsa moni, amavomereza kuti lilipo. Koma ngati njira yatsopano ija ili yaifupi, mawu sabwerera. Bokosilo limangokhala padenga nyali ili yobiriwira, likupereka moni. Iwo anaziona zimenezi kambirimbiri, ndipo pa ntchito sanazitchepo vuto.

Tsitsi litakula anapita kwa wometa. Anakhala pa mpando wozungulira uja, womangidwa ndi waya kumwendo, nsalu ili m'khosi, akuyang'anizana ndi kalilole wosweka pakona.

"Ana anga aja tsopano akulankhulana," anatero, mutu atauweramitsa, makina akuyenda pankhongo. Ananena kuti angomva mmene mawuwo amvekere akatuluka pakamwa.

"Eetu, mavuto amabweza anthu pakhomo," anatero wometa. Kenako anatsitsa mawu. "Nanga mwanayo akupeza bwanji tsopano? Ife timaopa kufunsa."

"Mwana uti?"

Makina anasiya kulira. Mu kalilole muja wometa anaoneka ataima kakasi, munthu amene chibadwire sanasowepo chonena.

"Inu a Makwerero, kodi sanakuuzeni?"

Nkhaniyo inatuluka mwazidutswa. Lachitatu lija masana Chisamba anafika mumsewumo pa takisi, malaya ali magazi pamkono ndi pachifuwa. Anamenya geti la bambo ake mpaka agalu a dera lonse anauwa. Analowa m'shopu momwemo akufunsa kuti bambo ali kuti, mlongo wake ali kuchipatala. Anafunsa kwa telala, ku galaja, kwa mayi ogulitsa pa golosale, ndipo panalibe wodziwa. Pofika madzulo msewu wonse unali utamva, khomo ndi khomo, aliyense kuuza woyandikana naye. A Makwerero atabwerako, aliyense anangoti ana awo awauza, ndipo nkhani ya mtundu umenewo munthu suyamba ndiwe kuifunsa kwa bambo wa mwana. Anthu ankawapatsa moni mwaulemu woposa kale, iwo osadziwa chifukwa chake.

"Malizani kumetaku," anatero a Makwerero.

Wometa anamaliza, ndipo anawapukuta m'khosi mosamala ngati wodwala.

Mzime ankakhala m'nyumba yosanja, chipinda chapamwamba kumapeto kwa khonde. A Makwerero anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Chinthu choyamba chimene maso awo a mmisiri anaona chinali chitseko: mphuthu yake inali yong'ambika pamene pamalowa loko, ndipo wina anali atakhomapo thabwa latsopano ndi loko wina, mokhota pang'ono. Si iwo amene anaitanidwa kudzakhoma.

Anatsegula ndi Chisamba, kansalu kopukutira mbale kali paphewa. Anawayang'ana, nayang'ana pansi, n'kupatuka. M'katimo makatani anali otseka theka. Pakhoma panali zojambula za ana a sukulu, nyumba za madenga ofiira ndi anthu a mitu ikuluikulu, ndipo pa tebulo panali mulu wa makope osachongedwa. Mzime anali pa sofa, bulangeti lili pamiyendo ngakhale kunali kotentha. Anali atatha thupi, milomo itayera.

"Bambo," anatero, akuyesa kudzuka.

"Khala, khala."

Anakoka mpando n'kukhala pafupi naye, chipewa chili pabondo. Chisamba anabwerera kukhitchini, ndipo madzi anayamba kumveka akuthira m'sinki.

"Ndamva kwa wometa," anatero a Makwerero.

Mzime anasalaza bulangeti ndi dzanja. "Ndinawauza achimwene kuti asakuuzeni. Ndimati ndiyambe ndapeza mphamvu." Anayang'ana zala zake. "Ndinali woyembekezera, bambo. Ndimadikira kuti zikhazikike kaye, ndidzakuuzeni bwinobwino, mudzasangalale. Ndinapita padera."

A Makwerero ankayang'ana chingwe cha chipewa chawo.

"Zinayamba m'mawa ndikukonzekera kusukulu. Ndinagwera apo, pakhomo la bafa, osatha kudzuka. Anthu a pakhonde pano onse anali atapita kuntchito. Ndinati bambo ali ndi galimoto, bambo amabwera. Ndinakuimbirani." Ankanena mofatsa, ngati akufotokoza za munthu wina. "Ndinkati mwina muli padenga, mutsika, muyatsa. Ndinadikira, ndikuimba. Kenako ndinaona kuti maso ayamba kuda. Nambala ya achimwene ndinali nditaifufuta kalekale, koma zala zinaikumbuka. Mwamwayi anali m'tauni momwe muno akupakira katundu. Anasiya lole pompo, n'kudzathyola chitseko."

"Adokotala anati chiyani?"

"Akuti tikanafulumira, mwina. Mwinanso ayi. Akuti zimenezi munthu sangadziwe." Anakweza maso n'kuwayang'ana, ndipo m'maso mwakemo munalibe mlandu, chinthu chimene chinali choipa kuposa mlandu. "Musadandaule, bambo. Foni zimatha moto. Si inu."

Pamenepo panali mpata woti anene zoona. A Makwerero anauona bwinobwino, monga amaonera denga lina ali pa linzake.

"Zimatha," anatero.

Kukhitchini madzi anasiya kuthira, kenako anayambanso.

"Ndikanabwera," anawonjezera.

"Ndikudziwa, bambo."

Panja ana ankasewera pa masitepe, wina akulira, wina akumuseka. A Makwerero anayang'ana babu ya pamwamba, ya mtundu umene iwo sagula, yowala moyera kwambiri. Anafuna kufunsa ngati mpope wa kubafa unasiya kudontha, koma anaona kuti yankho lake akulidziwa.

"Mwabwera ulendo wonsewu, simunamwe ndi madzi omwe," anatero Mzime. "Dikirani ndikupangireni tiyi. Achimwene amathira shuga ngati akumanga nyumba."

"Ndamva!" anakuwa Chisamba kukhitchini, ndipo Mzime anamwetulira pang'ono.

Anachotsa bulangeti n'kuimirira. Anaponya phazi limodzi, lachiwiri, kenako nkhope inayera mbuu, maso anatsekeka, mawondo nayamba kupinda. A Makwerero anali pompo, pafupi moti mpweya wake unkawafika. Anadzuka msanga, chipewa chinagwa, natambasula manja onse awiri.

"Achimwene!" anaitana Mzime, maso ali chitsekere.

Mbale inagwera m'sinki. Chisamba anatulukira manja ali thovu, namugwira mlongo wake m'khwapa, mutu wake n'kugwera paphewa pake ngati pamalo pozolowera. "Ndakugwira, ndakugwira. Paja ndinati usamadzuke mofulumira iwe. Tiye ukagone."

Manja a a Makwerero anali akadali m'malere. Zimene anapempha zinali patsogolo pawo, ana awo awiri atakolekana, ndipo kwa nthawi yoyamba chiikireni mayi a anawo m'manda, chinthu chinawapweteka, pansi pa nthiti, mpaka anavutika kupuma. Njira yopita kuchipinda inali yopapatiza, pakati pa tebulo ndi khoma. Anatsitsa manja aja, nanyamula mpando umene anakhalira, n'kuusunthira pambali kuti ana awo adutse.